Wogula amene sanatsegule boneti

Galimoto ya ababa inali Toyota Sienta yotuwa ya 2008. Inafika kwathu mu 2017 kuchokera ku Japan, itatsika pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, monga zimachitira galimoto zambiri zomwe timakwera m'dziko muno. Anaipanga kuti izinyamula anthu 7, koma aliyense amene anakwerapo Sienta pakati pa Mulanje boma ndi Muloza akudziwa kuti kuwerenga kumeneko kunatsalira ku Japan komweko. Kwa zaka 6 inkadzuka m'bandakucha, kudutsa m'minda ya tiyi, kunyamula amayi a madengu a nanazi ndi anyamata okaoda katundu ku Limbuli. Fizi yanga yonse ya ku sekondale inachokera pa mipando yake yong'ambikayo.

Chaka cha 2023 ndicho chinatilekanitsa nayo. Mu Malichi namondwe wa Freddy anawononga misewu ndi milatho kwathu kuno, ndipo kwa masabata angapo galimoto inangokhala pakhomo. Kenako maso a ababa anayamba kuchita chidima chifukwa cha matenda a shuga, mpaka anasiya kuyendetsa. Tinalemba dalaivala, koma ndalama zomwe ankabweretsa madzulo zinkacheperachepera pamene matayala ankatha msangamsanga. Mu Novembala kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa chipangizo chilichonse cha galimoto unakwera mosaneneka. Nditabwera kutchuthi mu Disembala ndinapeza nkhani itagamulidwa kale: galimoto igulitsidwe, ndalama zigawidwe patatu. Gawo lina fizi yanga ya ku koleji, lina chithandizo cha maso a ababa, lotsala likhale mpamba wa amayi.

Madobadoba sanachedwe kumva. Wina anabwera mpaka kawiri, akunena kuti ali ndi kasitomala wokonzeka, bola iye adzadulepo K400,000. Ine ndi foni yanga ndinaona ngati kumeneko n'kutaya ndalama. Ndinauza ababa kuti andisiyire, ndiyika pa Facebook ndi m'magulu a malonda a pa WhatsApp, ndipo sabata isanathe galimoto ikhala itapita. Ababa anavomera. Ndikuganiza kuti ankanyadira kuti mwana wawo wa ku koleji akudziwa njira zomwe iwo sazidziwa.

Ndinaitsuka, n'kuijambula pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Ndinajambula kutsogolo, kumbuyo, mkati, ndipo pofuna kuti anthu aone kuti si yakuba ndinajambulanso blue book yake yonse. Mtengo ndinalemba K8.5 miliyoni. Pansi pake ndinalemba kuti “ilibe vuto lililonse”. Mawu amenewo muwasunge, ndidzawabwerera.

Sipanathe maola awiri msuweni wanga wa ku Limbe anandiimbira mokalipa. Anati ndichotse msanga chithunzi cha blue book chija, chifukwa pamenepo pali dzina la ababa, nambala ya injini ndi ya chasisi, zonse zomwe mbava imafuna kuti izioneka ngati mwini galimoto. Ndinachotsa, koma ndinali nditachedwa kale. Patapita masiku atatu bambo wina anaimba kufunsa chifukwa chomwe ndikutchulira K8.5 miliyoni pamene galimoto yomweyo ili pa gulu lina pa K5.9 miliyoni. Ananditumizira chithunzi. Inali Sienta yathu, pansi pa mango athu, koma nambala ya foni inali ya munthu wina, amene ankati akupita ku Johannesburg mwadzidzidzi ndipo wofuna galimotoyo atumize kaye K200,000 kuti amusungire. Apa ndinazindikira kuti zithunzi zanga zayamba kugwirira ntchito anthu ena.

Chinyengo chachiwiri chinali chomwe ambiri a inu mukuchidziwa. Mnyamata wina anati waikonda galimoto ndipo atumiza K100,000 ya chikole pa foni. Posakhalitsa uthenga unalowa woti ndalandira K300,000. Nthawi yomweyo anaimba, mawu akunjenjemera, kuti walakwitsa polemba, chonde ndimubwezere K200,000 chifukwa ndi ya mankhwala a mwana. Ndinali pa Chitakale, ndipo ndinathamangira kwa mayi wina wa ejenti kuti ndimubwezere. Mayiyo anatenga foni yanga, kuyang'ana kamodzi, n'kundifunsa: “Achemwali, mwaona kaye ndalama zomwe zili mu akaunti yanu?” Munali K2,350 yanga yomwe ija. Anandionetsa kuti uthengawo unachokera pa nambala wamba ya munthu, pamene mauthenga enieni a Airtel Money kapena Mpamba amabwera ndi dzina la kampani ndipo amalowa pamzere umodzi ndi akale. Anawonjezera kuti munthu akalakwitsadi potumiza, amakadandaula ku kampani ya foni kuti ndiyo ibweze. Si ntchito ya wolandira kuyamba kutumiza zake.

Ndinachoka pamenepo ndikudzimva wochenjera. Ndinaganiza kuti akamberembere ndawadziwa tsopano: amalemba Chingerezi chothyokathyoka, amalira pa foni, amafuna ndalama zochepa. N'chifukwa chake bambo amene anaimba sabata yachiwiri ya Januwale sindinawakayikire ngakhale pang'ono.

Mawu awo anali a munthu wamkulu, odekha. Anandipatsa moni, kufunsa za kunyumba, kenako anapempha kuti alankhule ndi mwini galimoto chifukwa, mwa kunena kwawo, si bwino kuchita malonda aakulu ndi mwana makolo ali pomwepo. Ababa anakoma mtima pomwepo. Anacheza mphindi 20. Bamboyo anati amagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu okhudzidwa ndi Freddy, ndipo akufuna galimoto yaing'ono ya akazi awo. Atamva za maso a ababa anadandaula kwambiri, natchula mankhwala omwe amati anathandiza achimwene awo. Tsiku lotsatira anaimbanso kungofunsa momwe ababa adzukira.

Za mtengo sananenerere. Anati K8.5 miliyoni ndi yoyenera, munthu wodwala safunika kumufinya. Sanafunse kuti galimoto yayenda makilomita angati, sanafunse za COF kapena inshuwaransi, sanafunse ngati inachitapo ngozi. Sananene kuti abwera kudzaiona. Lero ndikamakumbukira ndimadabwa kuti zimenezi sizinandiopse bwanji, chifukwa ndinakulira pa msika ndipo ndikudziwa kuti ngakhale wogula nkhuku amaikweza m'mwamba kuti amve kulemera kwake. Koma sukulu inali kutsegulira pasanathe masabata awiri, ndipo anthu ena onse omwe ankaimba ankatchula K6 miliyoni, ena K5.5 miliyoni, moseka. Munthu woyamba kuvomera mtengo wanga ndinamuona ngati yankho.

Anapempha nambala ya akaunti ya ku banki ya ababa, ndinapereka. Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha silipi ya ku banki, yodindidwa bwinobwino. Ndinakumbukira mayi wa pa Chitakale uja, ndipo ndinadziuza kuti chithunzi si ndalama. Koma patangopita mphindi zochepa foni ya ababa inalira. Uthenga unachokera ku banki yawo yeniyeni, pa mzere womwe mauthenga onse a banki amalowera, ndipo unkati mu akaunti mwalowa K8,500,000. Ndinafuula mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo.

5 koloko itadutsa pang'ono anyamata awiri anatsika pa njinga yamoto ya kabaza pakhomo pathu. Wina anati ndi dalaivala wa bwana uja. Bwanayo akuti anali pa msonkhano ku Blantyre, ndipo ankafuna galimoto ifike usiku womwewo kuti adzawadzidzimutse akazi awo. Anabwera ndi kalata yogulitsirana yolembedwa kale pa kompyuta, yongofuna siginecha ya ababa. Ankafuna makiyi onse awiri ndi blue book. Galimotoyo sanaizungulire n'komwe. Boneti sanatsegule.

Ndinali nditalowa kale m'nyumba kukatenga mapepala pamene amayi anatuluka kukhitchini akupukuta manja pa chitenje. Anayang'ana anyamatawo, anayang'ana kumadzulo, n'kunena kwa ababa: “Abambo, dzuwa lapendeka. Pakhomo pano malonda atha mpaka Sabata lipite. Ndipo poti mabanki atseka, anyamatawa abwere Lolemba.”

Sindinganame kuti amayi anatulukira chinyengocho. Iwo sadziwa za macheke kapena ma akaunti. Ankangonena zomwe akhala akunena Lachisanu lililonse chibadwire changa, ngakhale kwa wodzagula tomato. Ine ndinakwiya. Ndinati dzuwa lisanalowe patsala nthawi yokwanira kusayina pepala limodzi, ndalama zalowa kale, ndipo tikamutaya munthu ameneyu ndiye kuti teremu ino ndikhala pakhomo. Ndinalankhula mawu ena omwe mwana sayenera kulankhula kwa amayi ake pamaso pa alendo. Ababa anakhala chete nthawi yaitali, cholembera chili m'manja. Kenako anachiika pansi n'kunena kuti munthu wabwino ngati ameneyo sangalephere kudikira masiku awiri.

Dalaivala anaimbira bwana wake n'kundipatsa foni. Mawu odekha aja anayamba ndi kuchonderera. Nditabwereza zomwe ababa ananena, anasintha ngati mtambo wa pa phiri la Mulanje mu Januwale. Anati ndalama zake tadya kale, ndife mbava, ndipo abwera ndi apolisi usiku womwewo. Ndinauza amayi ndikunjenjemera. Iwo anati, “Abwere nawo apolisiwo, mipando ilipo.” Anyamata aja anaima pamsewu kanthawi akulankhula pa foni, kenako anakwera njinga n'kumapita.

Malume atamva nkhaniyi anabwera dzuwa lisanalowe, n'kuyendetsa galimotoyo kukaisunga kumpanda kwawo. Iwo ndi amene anandionetsa kulakwa kwina komwe sindinakuganizire: ndinalozera anthu osawadziwa njira ya kwathu, ndipo tsopano ankadziwa pomwe galimoto imagona ndiponso kuti mwini nyumba saona bwino. Anati wogula wa pa intaneti umakumana naye masana, pamalo a anthu ambiri monga pa filing'i siteshoni kapena pafupi ndi polisi, ndipo supita wekha. Anandikumbutsanso chinthu chomwe tonse a ku Mulanje timachidziwa koma timaiwala. Kuchokera pa boma kukafika pa chipata cha Muloza ndi makilomita pafupifupi 30 okha, ndipo kutsidya kwake ndi Milange, dziko la Mozambique. Galimoto yochoka kwathu 6 koloko madzulo ili ndi blue book ndi kalata yosayinidwa ndi mwini wake, pofika Lolemba ukaifunafuna kuti?

Usiku umenewo apolisi sanabwere. Ine sindinagone, ndipo tsiku lonse lotsatira amayi sindinawalankhule bwino.

Lolemba m'mawa ndinawagwira dzanja ababa kupita ku banki. Mayi wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta n'kutembenuza sikirini kuti ndione. Panali mizere iwiri. Wina unkaonetsa ndalama zonse zolembedwa mu akaunti, ndipo K8.5 miliyoni inalipo. Wachiwiri, wolembedwa kuti available balance, unkaonetsa zomwe munthu angathe kutapa, ndipo pamenepo panali K41,000 ya ababa yokha. Zomwe zinaikidwa Lachisanu lija sizinali ndalama. Chinali cheke cha banki ina.

Anatifotokozera mofatsa, ndipo ndikufuna ndibwereze pano chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu aliyense amene ali ndi nambala ya akaunti yako akhoza kukaikamo cheke. Banki imachilandira n'kuchilemba, ndipo uthenga ukhoza kubwera pa foni yako. Koma chekecho chimayenera kupita kaye ku banki ya mwini wake kuti ikavomereze kuti siginecha ndi yoona ndipo ndalamazo zilipo. Zimenezi zimatenga masiku ogwira ntchito, ndipo Loweruka ndi Lamlungu sawerengedwa. Chekecho chikakanidwa, chiwerengero chija chimangofufutidwa mu akaunti. N'chifukwa chake wakuba amasankha Lachisanu masana. Uthenga wa banki umakhala woona, koma chekecho sichingatsimikizidwe Lolemba lisanafike. Lachitatu tinalandira uthenga wina woti cheke chija chabwezedwa. Foni ya bambo aja inali itazima kuyambira Loweruka.

Tinakanena ku polisi pa boma n'kupereka manambala onse, ndiponso tinadziwitsa kampani ya foni. Kuyambira 2018 SIM khadi iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndipo tili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti. Komabe akamberembere amalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena, ndipo nyuzipepala zakhala zikulemba kuti ena mwa mauthenga achinyengowa amachokera mkati mwa ndende. Choncho amene wakutumizirani chithunzi cha chiphaso cha unzika pa WhatsApp sanakutsimikizireni chilichonse. Chiphaso chimakhala ndi phindu pamene mwini nkhope waima patsogolo panu.

Wogula weniweni anabwera sabata yotsatira, ndipo ndinamuda kuyambira pa foni. Anali mphunzitsi wa ku Chonde, mayi wa mawu okwera, amene funso lake loyamba linali lakuti, “Mukuigulitsiranji ngati ilibe vuto?” Tinakumana pa boma, malume ali pomwepo. Anabwera ndi makaniko wake, mnyamata wa ovololo yakuda ndi mafuta, amene anatsegula boneti asanatipatse n'komwe moni wokwanira. Anasolola chitsulo choyezera oilo n'kununkhiza. Anagona pansi pa galimoto ndi tochi ya foni. Anafananiza nambala ya chasisi ndi ya pa blue book, chilembo ndi chilembo. Atafuna kuiyesa pamsewu, malume anaona kaye laisensi yake, analowa n'kukhala pampando wakutsogolo, ndipo makiyi anawapereka ali kale mkati. Blue book inatsala m'chikwama changa.

Atabwerako makanikoyo anati giya bokosi ikugwedeza ponyamuka. Mayi aja anatulutsa foni n'kuwerenga mokweza mawu anga aja, “ilibe vuto lililonse”, akundiyang'ana. Ndinkadziwa za kugwedezako. Aliyense kwathu ankadziwa. Ndinayamba kunena kuti zimangochitika injini ikazizira, koma ababa anandidula. Anati n'zoona, vutolo linayamba chaka chatha, ndipo anawonjezera lina lomwe makanikoyo sanalione, lakuti chitseko chakumanzere chotsetsereka chimakanirira nthawi ya mvula. Ndinachita manyazi kuposa tsiku la ku banki lija. Masabata atatu onsewo ndinkadziona ngati wosalakwa wozunguliridwa ndi anthu abodza, pamene bodza loyamba pa malonda amenewa ndinalilemba ndine.

Kunenerera kunatenga maola awiri, ndipo mayiyo ananyamuka kawiri ngati akupita. Tinagwirizana K7.8 miliyoni. Poyamba anati abweretsa ndalama m'chikwama, koma malume anakana. Ndalama yaikulu kwambiri ya pepala panthawiyo inali K5,000, ndiye kuti tikanawerenga mapepala 1,560, tilibe makina ozindikira achinyengo, kenako n'kuyenda nawo pa msewu anthu akuona. Tinalowa mu banki tonse pamodzi. Mayiyo anasamutsa ndalama pa kauntala, ndipo ine sindinachoke mpaka wa pa kauntala atandisindikizira pepala loonetsa kuti mzere wachiwiri uja wasintha. Kalata ya mgwirizano tinailemba tokha ndi cholembera: mayina, manambala a ziphaso za unzika, nambala ya galimoto, ya injini ndi ya chasisi, mtengo, tsiku ndi ola lomwe makiyi aperekedwa, mavuto awiri aja, ndi mboni ziwiri mbali iliyonse.

Panatsala chinthu chimodzi chomwe anthu ambiri amachizengereza, kusintha umwini ku Road Traffic. Galimoto zambiri zikuyenda m'dziko muno m'dzina la munthu amene anazigulitsa zaka zapitazo. Ikagunda munthu n'kuthawa, kapena ikagwidwa itanyamula katundu woletsedwa, apolisi amayamba kugogoda pakhomo pa amene dzina lake lili m'kaundula. Ababa anati safuna kudzadzutsidwa usiku chifukwa cha galimoto yomwe si yawo. Tinapita ku Blantyre tonse, ababa, mayi aja ndi ine, m'Sienta momwemo, makaniko uja akuyendetsa. Tinatha tsiku lonse pa mizere, koma madzulo dzina linali litasintha.

Pobwerera tinakwera minibasi ku Limbe, ya msewu wa Midima. Kondakitala atatambasula dzanja, ababa anafufuza m'matumba nthawi yaitali, kenako anaseka n'kunena kuti aiwala kuti munthu amalipira. Titadutsa pa Nkando anandifunsa ngati phiri layamba kuoneka. Ndinati eya, ngakhale linali litaphimbidwa ndi mitambo. Titafika kunyumba ndinapita kukhitchini kukapepesa kwa amayi. Iwo anangondipatsa mpeni ndi anyezi.

Ndinafika kuno kusukulu mochedwa ndi masiku 4, fizi ili m'manja. Mwezi wathawu mnzanga wa m'chipinda ankayang'ana malonda pa Facebook, ndipo anandiitana kuti ndidzaone Sienta yotchipa. Yotuwa, ya 2008, pansi pa mtengo wa mango. Mwini wake akupitabe ku Johannesburg mwadzidzidzi, koma mtengo wakwera pang'ono. Kumbuyo kwa galimotoyo, pa chingwe, pakuoneka chitenje cha amayi chomwe ndinaiwala kuchotsa ndisanajambule.